Mabwinja a Inca ndi soroche: kumene mwagona usiku woyamba ndiko kumakonza kapena kuwononga ulendo

Mzinda wa Cusco ku Peru uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400 kuwerengera pa madzi a nyanja yamchere. Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phiri la Mulanje, ndi mamita 3,002. Ndiye kuti munthu amene wangotsika ndege ku Cusco, chikwama chili m'manja, waima kale pamwamba kuposa malo aliwonse m'Malawi, ndipo wafikapo thukuta osatuluka. Vuto lagona pamenepo. Wokwera Sapitwa amayenda wapansi, n'kugona m'njira, thupi likuzolowera. Wochokera ku Lima, mzinda wa m'mbali mwa nyanja, ndege imakamutula ku Cusco pasanathe ola limodzi ndi theka.

Eni dziko matenda obwera ndi kukwera mwadzidzidziwa amawatcha soroche. Muloweze dzinali, chifukwa mukalitchula ku hotela, kosungira mankhwala kapena kwa dalaivala wa takisi, aliyense amva msanga chimene chikukusautsani ngakhale simudziwa Chisipanishi.

Okosijeni sachepa gawo lake mumpweya. Kaya ku Nsanje kaya ku Cusco, amakhala magawo 21 mwa 100 alionse. Chimene chimasintha ndi kuthinana kwa mpweyawo. Pamwamba umakhala wotayana, moti ku Cusco mpweya umene mwakoka kamodzi umabweretsa okosijeni wokwana magawo awiri okha mwa atatu a amene mukanakoka m'mbali mwa nyanja. Thupi limayamba kupuma mofulumira ndi mozama. Koma kupuma kotereku kumatulutsa carbon dioxide wambiri, asidi amachepa m'magazi, ndipo ubongo ukaona zimenezo umabwezanso kupuma m'mbuyo. Pamafunika kuti impso zitaye bicarbonate, mchere wochepetsa asidi m'magazi, kudzera mumkodzo kuti magazi abwerere mwakale ndipo munthu azipuma mokwanira, ndipo ntchito imeneyi imatenga masiku awiri, atatu, mwina anayi. Masiku amenewa sagulidwa ndi mphamvu za thupi. Wothamanga mipikisano amagwidwa ndi soroche chimodzimodzi ndi wongokhala mu ofesi, ndipo nthawi zambiri ndiye amadzipweteka, chifukwa tsiku loyamba amadzimva bwino n'kuyamba kukwera makwalala otsetsereka a dera la San Blas mu Cusco ngati ali kwawo.

Matendawa sabwera pabwalo la ndege. Amadikira maola asanu ndi limodzi mpaka khumi ndi awiri, ndiye ambiri amawamva madzulo kapena usiku woyamba. Chizindikiro chachikulu ndi litsipa, lotsagana ndi nseru, kusafuna chakudya, chizungulire kapena kufooka. Amafanana kwambiri ndi matsire, koma mowa simunaulawe. Ena akangoti atseke maso amadzidzimuka ngati wina wawatsina pakhosi: kupuma kumachulukira, kenako kumachepa, n'kuima kwa masekondi angapo, n'kuyambiranso ndi kubanika. Zimaopsa mnzanu wogona naye chipinda chimodzi, koma pazokha sizitanthauza kuti mwadwala kwambiri.

Mukafika, tsikani

Mfundo imene alendo ambiri saidziwa ndi iyi: Machu Picchu, mabwinja otchuka a mudzi wa a Inca, anthu amene ankalamulira dzikoli kalekale, ali m'munsi kuposa Cusco, ndipo kusiyana kwake ndi pafupifupi kilomita yathunthu. Mabwinjawo ali pa mamita 2,430, ndipo tauni ya Aguas Calientes ya patsinde pake ili pa 2,040. M'chigwa cha mtsinje wa Urubamba, tauni ya Ollantaytambo ili pafupifupi pa 2,800, Urubamba pa 2,870, tauni ya Pisac pang'ono pansi pa 3,000. Soroche imayamba kuvuta kuyambira pa mamita 2,500 kupita m'mwamba, ndipo chimene thupi limawerengera kwambiri ndi malo amene mwagona, osati amene mwadutsa masana.

Choncho njira yanzeru ndi kutuluka pabwalo la ndege la Cusco n'kukwera galimoto yopita ku chigwa cha mtsinje wa Urubamba tsiku lomwelo. Ulendo wa ku Ollantaytambo ndi wa ola limodzi ndi theka kapena awiri. Msewu umakwera kaye mpaka ku Chinchero, pamwamba pa mamita 3,700, koma musade nkhawa, mukungodutsa muli chikhalire. Gonani m'chigwa masiku awiri, pitani ku Machu Picchu, ndipo Cusco muusiyire kumapeto. Makampani ambiri oyendetsa alendo amachita mosemphana: amakugonekani ku Cusco usiku woyamba, m'mawa mwake n'kukutengerani ku mabwinja a pamwamba pa mzindawo. Zimenezo zimawaphweketsera iwo ntchito, osati inu. Muli ndi ufulu wopempha kuti asinthe ndondomekoyo musanalipire.

Akatswiri a zamankhwala am'mapiri ali ndi lamulo lake: mukapitirira mamita 3,000, malo ogona asamakwere ndi mamita oposa 500 pa usiku umodzi, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi muzipumula tsiku limodzi osakwera. Kuchoka ku Ollantaytambo kukagona ku Cusco kumapyola malirewo pang'ono, koma thupi limene lagona kale masiku angapo m'chigwa limapirira bwino kusiyana ndi lochokera ku Lima mwachindunji.

Za nyengo simuvutika kuzimva. Cusco ndi Lilongwe ali pamzere pafupifupi umodzi kumwera kwa equator, ndiye dzinja lawo ndi lathu lomwe: mvula kuyambira Novembala mpaka Malichi, chilimwe kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Kusiyana ndi chisanu. M'Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka madzi kuundana, pamene masana dzuwa limawotcha khungu ngakhale la munthu wakuda. Tengani chipewa, magalasi a dzuwa, mafuta oteteza khungu ndi milomo, ndi zovala zovala mosanjikiza.

Tsiku loyamba m'chigwa likhale la ulesi wadala. Idyani pang'ono, zakudya zopepuka monga supu wa quinoa, mbatatesi kapena chimanga chophika cha maso akuluakulu chimene amachitcha choclo, pakuti m'mimba mumagaya mochedwa pamalo okwera. Mowa udikire masiku awiri. Mapiritsi ogonetsa a mtundu wa diazepam ndi ochotsa ululu a mtundu wa codeine amachepetsa kupuma, ndiye asiyeni. Madzi imwani okwanira kuti mkodzo ukhale woyera, chifukwa mpweya wouma umakuyamwani madzi mosadziwa, koma kumwa mopyola muyeso sikuteteza ku soroche. Ngati mumamwa khofi tsiku lililonse musasiye, mungadzionjezere litsipa lina.

Ollantaytambo: pamene muyenera kuchedwa

Anthu ambiri amangodutsa pa Ollantaytambo pothamangira sitima. Amataya zambiri. Tauniyi anthu akukhalabe m'makwalala amene a Inca anayala, madzi akuyendabe m'ngalande zamiyala m'mbali mwa njira, ndipo zitseko zina zolowera m'mabwalo a nyumba ndi zomwe zija za zaka zoposa 500.

Mabwinja ake ndi minda yamasitepe yokwera phiri, ndipo kufika pamwamba kumafuna kuponda makwerero pafupifupi 200. Apa ndi pamene mungaphunzire kuyenda kwa m'mapiri: phazi limodzi, pumani, phazi lina, pumani. Ngati simungathe kulankhula chiganizo chathunthu osabanika, ndiye kuti mwafulumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pamwambapo palidi choti muone. Pali khoma la miyala ikuluikulu isanu ndi umodzi yofiirira, uliwonse wolemera matani makumi angapo, yolumikizidwa ndi timiyala tating'ono tosalala toikidwa pakati pake. Miyalayi sinakumbidwe paphiri limenelo. Inachokera ku Kachiqata, kutsidya la mtsinje, makilomita angapo kuchokera pamenepo, ndipo anaitsitsa phiri lina, kuiwolotsa mtsinje, n'kuikokera pamwamba pa lino popanda ngolo kapena chitsulo. M'njiramo muli ina imene sinafike. Eni malo amaitcha piedras cansadas, kutanthauza miyala yotopa. Ili chigonere m'minda mpaka lero, pamene anthu oikoka anaisiya.

Mukaima pakhomalo n'kuyang'ana kutsidya kwa tauni muona tinyumba tomatirira kuphiri la Pinkuylluna. Zinali nkhokwe. Anazimanga pamalo okwera pamene pamawomba mphepo yozizira kuti chimanga ndi mbatatesi zouma zisafumbwe. Ndipo chigwa chimene chili pansi panucho ndi chimene Manco Inca, mfumu ya a Inca, anachisefukiritsa ndi madzi mu 1537 kuti akavalo a asilikali a Hernando Pizarro atitimire m'matope. Inali imodzi mwa nkhondo zochepa zimene a Inca anapambana atayang'anizana ndi asilikali a ku Spain.

Polowera pano mufunika boleto turístico, tikiti imodzi imene yathunthu yake imagwira masiku 10 ndipo imatsegula malo 16, kuphatikizapo Pisac, Chinchero, Moray ndi Sacsayhuamán. Machu Picchu mulibe m'menemo, ngakhalenso maiwe a mchere a ku Maras. Moray, maenje aakulu ozungulira okhala ndi minda yamasitepe m'kati mwake, ali pa mamita pafupifupi 3,500, ndiye ndi woyenera tsiku lachiwiri kapena lachitatu: mumakwera masana n'kubwerera kukagona m'munsi, zimene zimathandiza thupi kuzolowera.

Ku Machu Picchu

Sitima za PeruRail ndi Inca Rail zimachoka pa Ollantaytambo n'kutsata mtsinje kwa ola limodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono mpaka ku Aguas Calientes. Zimalola kachikwama kakang'ono kokha, ndiye sutikesi isiyeni ku hotela. Kuchokera m'tauni basi imakwera msewu wokhotakhota kwa mphindi pafupifupi 30. Tikiti yolowera gulani kudakali milungu kapena miyezi ngati mukupita pakati pa Juni ndi Ogasiti. Imakhala ndi ola lolowera, njira imene mwasankha, ndi dzina ndi nambala ya pasipoti yanu, ndipo pachipata amafuna pasipoti yeniyeniyo. Amene wasintha pasipoti atagula kale tikiti atenge yakale ndi yatsopano yomwe. M'kati mulibe zimbudzi, njira zake n'zopita kumodzi kosabwerera m'mbuyo, ndipo mukatuluka simulowanso. Valani buluku lalitali: kuli tintchentche ting'onoting'ono toluma miyendo mpaka kutupa.

Malowa anamangidwa cha m'ma 1450 m'nthawi ya mfumu Pachacuti, ndipo asilikali a ku Spain sanawagwetse monga anachitira malo ena. Hiram Bingham wa ku yunivesite ya Yale anafikako pa 24 Julaye 1911 motsogozedwa ndi mlimi wa m'deralo, Melchor Arteaga, ndipo anapeza mabanja akulima kale m'minda ina ya pamenepo. UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 1983.

Aliyense amajambula chithunzi chodziwika cha mabwinjawa n'kupitirira. Inu tsatani madzi. Kumeneko kumagwa mvula yochuluka, pafupifupi mamilimita 2,000 pa chaka, paphiri lotsetsereka mbali zonse, koma mudziwo sunakokoloke. Munda uliwonse wa masitepe uli ndi miyala ikuluikulu pansi, kenako miyala yaing'ono, kenako mchenga, ndipo pamwamba pake dothi lachonde, kuti madzi azilowa pansi m'malo mothamanga pamwamba. M'makoma muli timabowo totulutsira madzi toposa 100. Madzi akumwa ankachokera pa kasupe kudzera mumfuleni wamiyala wotalika mamita pafupifupi 750, n'kumagwera m'malo otungira 16 osanjikizana, loyamba lili pafupi ndi nyumba ya mfumu. Gwadani muone mlomo wa mwala pamene madzi akugwera: unasemedwa kuti madzi azitsika ngati chingwe chimodzi cholowa bwino pakamwa pa mtsuko. Aliyense amene anaonapo munda wa m'phiri ukukokoloka ndi mvula ya Januwale adziwa kukula kwa luso limeneli.

Mankhwala, ndi zimene si mankhwala

Mankhwala otsimikizika oteteza ku soroche ndi acetazolamide, odziwikanso kuti Diamox. Amakakamiza impso kutaya bicarbonate msanga, ndiye amafulumizitsa kuzolowera kwenikweni, sabisa chabe zizindikiro. Munthu wamkulu amamwa 125 mg kawiri pa tsiku, kuyambira tsiku limodzi asanakwere mpaka atatha masiku awiri pamalo okwerawo. Piritsi lake nthawi zambiri limakhala la 250 mg, ndiye mumalidula pakati. Pochiza amene wadwala kale, mulingo ndi 250 mg kawiri pa tsiku. Muyembekezere dzanzi m'zala ndi m'milomo, kukodza pafupipafupi, ndi zakumwa za gasi kukoma ngati chitsulo. Pitani kwa dokotala musananyamuke, ndipo mumuuze ngati Bactrim kapena Fansidar anakutulutsanipo zidzolo zoopsa kapena kukutupitsani, ngati muli oyembekezera, kapena ngati muli ndi vuto la impso. Ndi bwino kuyesa piritsi limodzi muli kwanu kusiyana ndi kukadziwira kutali kuti silikuyanjani.

Litsipa wamba limamva Panado, 1,000 mg pa maola asanu ndi limodzi alionse osapitirira 4,000 mg pa tsiku, kapena Brufen, 400 mpaka 600 mg pa maola asanu ndi atatu alionse mutadya, ngati mulibe zilonda zam'mimba. Lamulo lake ndi limodzi: muli ndi zizindikiro, musakagone pamalo okwera kuposa pamene muli. Zikapanda kusintha pakatha tsiku limodzi, kapena zikamakula, tsikani.

Hotela iliyonse ikupatsani mate de coca, tiyi wa masamba a coca. Ndi chakumwa cholemekezeka cha anthu a kumapiri a Andes, chimatenthetsa thupi ndi kuchotsa kutopa pang'ono, koma palibe umboni woti chimaletsa soroche. Dziwaninso zinthu ziwiri. Kapu imodzi yokha ingachititse kuti kuyezetsa mkodzo kusonyeze cocaine kwa tsiku limodzi kapena awiri, nkhani yaikulu kwa amene amayezedwa kuntchito kapena m'masewera. Ndipo masambawo, tiyi wake wam'mapaketi ndi maswiti ake n'zoletsedwa m'mayiko ambiri kunja kwa Andes. Pinditsani matumba onse musanakwere ndege yodzera ku São Paulo, Johannesburg kapena Addis Ababa. Timabotolo ta okosijeni togulitsidwa m'mashopu timatha m'mphindi zochepa. Wodwala amafunika silinda yeniyeni, imene mahotela ambiri ndi zipatala za ku Cusco ali nayo.

Pamene si nkhani ya litsipa chabe

Soroche ili ndi mitundu iwiri imene imapha, ndipo aliyense pagulu ayenera kuidziwa, chifukwa wodwalayo nthawi zambiri amakana kuti akudwala.

Woyamba ndi kutupa kwa ubongo. Munthu amayenda dzandidzandi ngati waledzera, amasokonezeka, amayankha zosagwirizana, amangofuna kugona. Muyeseni motere: ayende mzere wowongoka, chidendene cha phazi lakutsogolo chikukhudza zala za lakumbuyo, masitepe khumi. Akalephera, musamusiye kuti agone kaye mpaka kuche. Wachiwiri ndi madzi kulowa m'mapapo, zimene zimakonda kuchitika usiku wachiwiri mpaka wachinayi. Zimayamba ndi kutsalira m'mbuyo kwa munthu amene dzulo amayenda bwino, ndi chifuwa chouma. Kenako amachita befu ngakhale atakhala pansi, pamtima pamamveka kokoroko, ndipo mapeto ake amatsokomola thovu lofiirira. Onse awiri mankhwala ake oyamba ndi kutsika mamita 300 mpaka 1,000 nthawi yomweyo, usiku kapena usana, atanyamulidwa kapena pagalimoto, ndi okosijeni. Achipatala amaonjezera dexamethasone pa ubongo ndi nifedipine pa mapapo, koma zimenezo n'zogulira nthawi, sizilowa m'malo mwa kutsika. Kuchokera ku Cusco, ola limodzi pagalimoto kupita ku Pisac kapena Urubamba limakutsitsani mamita 400 mpaka 500.

Mabuku ambiri amati muone ngati milomo yasanduka yobiriwira. Pa khungu lakuda zimenezo sizioneka msanga. Yang'anani lilime, nkhama ndi m'kati mwa milomo, ngati zatuwa kapena kuda mwachilendo. Kachipangizo kopana pachala koyezera okosijeni nakonso kadapezeka kuti kamatha kusonyeza nambala yokwera kuposa yeniyeni pa anthu akhungu lakuda, ndipo kamanama chala chikazizira kapena chikhadabo chikapakidwa utoto. Ku Cusco nambala za m'ma 80 akumapeto ndi 90 akumayambiriro si zachilendo. Koma munthu amene akubanika atakhala pansi ndi wodwala, kaya kachipangizoko kakuti chiyani.

Pali nkhani inanso imene oyendetsa alendo satchula kawirikawiri koma imatikhudza ife kwambiri: sickle cell. Amene ali ndi matendawa asapite kumalo otere popanda kukambirana mozama ndi dokotala wake. Ndipo pali anthu ambiri ongonyamula chibadwa chake, athanzi labwino, osadziwa n'komwe kuti ali nacho. Pamalo okwera magazi awo angatsekeke m'kapamba. Chizindikiro chake ndi ululu woopsa kumanzere, pansi pa nthiti, nthawi zina wofika paphewa, wobwera m'masiku oyamba. Umenewo si mpweya wam'mimba ndipo si soroche wamba. Kuyezetsa magazi musananyamuke n'kosavuta, ndipo mukadziwa mumatha kuuza dokotala wa kumeneko, amene mwina sangaganizire msanga za vutoli. Werenganinso inshuwalansi yanu, chifukwa zambiri zili ndi malire a kutalika kwa malo amene zimalipira.

Cusco pomaliza

Mukabwerera ku Cusco patatha masiku anayi kapena asanu, mzindawo mumauona ndi mutu wopepuka. Yambani ndi Qorikancha, kachisi wamkulu wa dzuwa, amene golide wa pamakoma ake anakanganulidwa mu 1533 kukalipira dipo la mfumu Atahualpa, ndipo pamwamba pake panamangidwa tchalitchi cha Santo Domingo. Chivomezi cha 1950 chinagumula tchalitchicho kwambiri, makoma a Inca n'kutsala chiimire. Chifukwa chake chimaoneka ndi maso: makomawo amapendekera m'kati, zitseko ndi mawindo n'zotambalala pansi n'kuchepa pamwamba, ndipo miyala inalowana yokha popanda dothi kapena simenti. Amisiri ankaisema poigogoda ndi miyala ina yolimba, n'kumayesa mobwerezabwereza mpaka itagwirana. Mumsewu wa Hatun Rumiyoc muli mwala wa ngodya 12, ngodya iliyonse yokumana ndi mnzake popanda mpata wolowetsa ngakhale lumo. Kuukhudza n'koletsedwa.

Mabwinja a pamwamba pa mzinda musawakwerere wapansi. Kwerani takisi mpaka ku Tambomachay, makilomita pafupifupi asanu ndi atatu, ndipo muzitsika kudzera ku Puka Pukara ndi Q'enqo mpaka ku Sacsayhuamán, kumene kuli makoma atatu okhotakhota ngati mano a sowo, okhala ndi miyala ina yolemera matani oposa 100. Pa 24 Juni pamachitikira mwambo wa Inti Raymi, chikondwerero cha dzuwa, ndipo sabata imeneyo malo ogona amadzaza.

Zokwera kwambiri zibwere pambuyo pa zonsezi. Njira ya Inca yoyenda wapansi masiku anayi kupita ku Machu Picchu, ya makilomita pafupifupi 43, imadutsa pampata wa mapiri wa Warmiwañusca pa mamita 4,215 tsiku lachiwiri. Zilolezo zake ndi 500 pa tsiku kuphatikizapo onyamula katundu ndi otsogolera, zimatha kudakali miyezi, ndipo m'Febuluwale njirayo imatsekedwa. Musaiyambe musanagone masiku awiri kapena atatu pamalo okwera. Njira ya Salkantay imapyola mamita 4,600. Puno, m'mbali mwa nyanja ya Titicaca, ali pamwamba pa 3,800, ndiye ndi wopitako mutachoka ku Cusco, osati musanafikeko. Phiri lamitundumitundu la Vinicunca, limene amaligulitsa pakona iliyonse ngati ulendo wa tsiku limodzi, lili pamwamba pa mamita 5,000, pamene mpweya umatsala pang'ono kufika theka la wa kunyanja. Galimoto zake zimanyamuka mbandakucha. Ngati mwadzuka ndi litsipa m'mawa umenewo, uzani dalaivala apite, ndalama ya tikitiyo ipite nayo, inu mubwerere kukagona.